Khomo Loyang'ana Kumtsinje

Tangoganizani, owerenga. M'mudzi wina wa kwa Nsamala, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, mudamangidwa nyumba ya bizinesi ya amayi ndi achinyamata. Simenti idalipo yokwanira, malata adali atsopano, padenga padayalidwa masola, ndipo mkati mudaikidwa makina opera nandolo kuti akhale chipere chogulitsa m'mapaketi. Palibe adaba ngakhale njerwa imodzi. Komabe nandolo atauma m'minda, nyumbayo idangokhala zii, mbuzi zokha zikubisala dzuwa pakhonde pake. Pa ntchito yonseyi padaiwalika chinthu chimodzi chokha, chosalira ndalama. Kodi mungalote kuti n'chiyani?

M'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti, Jamila adaima pabwalo la nyumba yake akuyang'ana venda akupachika thumba la nandolo wake pasikelo. Singano ya sikeloyo idangosuntha pang'ono n'kuima, ngati yadwala malungo.

"Sikelo yanuyi yadya m'mawa uno?" adafunsa Jamila. "Thumba lonseli, iyo ikungoyasamula?"

"Mayi, ngati simukuikhulupirira, pitani naye ku fakitale kwanu uko," adayankha venda akuloza ndi mlomo denga lonyezimira kumunsi kwa mudzi. "Si inu munkaimba nyimbo pa tsiku lotsegulira lija kuti mavenda tiona polekera? Ine ndafika pakhomo panu. Fakitale yanu yafika?"

Jamila sadachitire mwina. M'nyumba mudalibe mchere, mudalibe sopo. Adalandira zimene adapatsidwazo osawerenga n'komwe, venda n'kumangirira thumba panjinga yake, ulendo uku akuimba mluzu. Pakhonde padakhala mwana wake Zaina, mtsikana womaliza Fomu 4, akuzunguza makiyi a fakitale ija pachala. Ndiye adatumizidwa ku Balaka kukaphunzira kuyendetsa makinawo. Makiyi adali nawo, koma pakhomo la makiyiwo sakadatha kufikapo.

Nkhani yake idayamba chonchi. Chaka chapitacho bungwe lina lothandiza alimi lidalonjeza kumangira gulu la Tiwoloke nyumba ya makina. Gululo lidali la amayi olima nandolo pamodzi ndi achinyamata osowa chochita. Bungwe lidati mudzi upeze malo. Komiti ya chitukuko, imene wapampando wake adali Che Usumani, mchimwene wake wa Jamila, idatenga alendowo m'mwezi wa Febuluwale kukawaonetsa kathengo kathyathyathya pafupi ndi njira yotsikira kumtsinje. Mkulu wa ntchitoyo, Bambo Blasius, adakondwa kwambiri. Malo opanda mwini wolimapo, opanda mkangano, ndani angakane?

Koma kathengoko sikadasiyidwe pachabe. Kuseri kwa mitengo, kumunsi kwa njira yomweyo, ndi kumene chaka chilichonse sukulu zikatsekera kumamangidwa ndagala, msasa umene anyamata amagonekedwa pa chinamwali cha jando. Anyamata akalowa, pamphambano pamazikidwa mtengo wokhala ndi kansalu kofiira. Kuyambira tsiku limenelo mpaka anyamata atatuluka, munthu wamkazi saponda njira imeneyo. Ndipo nyengo imeneyi ndi yomweyo imene nandolo amauma, kupunthidwa ndi kugulitsidwa. Khomo la fakitale lidayang'ana kunjira yomweyo, kupitirira kansalu kofiira, ndipo polowera pena padalibe.

Abambo a komiti sadachite mwadala. Mwamuna wovinidwa amadutsa pamenepo chaka chonse osaimitsidwa, ndipo njira imene siikutsekera iwe suikumbukira kuti imatsekedwa.

Msonkhano wovomereza malowo udachitikira pansi pa mtengo wamango wa kusukulu. Abambo adakhala pamabenchi kutsogolo, amayi pamphasa kumbuyo. Bambo Blasius adakweza chimkuzamawu n'kufunsa kuti, "Amayi, malo aja mwawakonda?"

Kudali chete. Ndi mayi uti akadatchula za ndagala pamaso pa alendo, pamaso pa akamwini ake, pamaso pa tianyamata tosavinidwa timene tidali pamenepo? Zimenezo mkazi sazikamba pagulu. Mayi wina, pofuna kuchotsa manyazi, adaimba nthungululu. Ena adatsatira.

"Mwamva nokha, amayi agwirizana nazo!" adatero Bambo Blasius, anthu n'kuomba m'manja.

Madzulo a tsiku lomwelo Jamila adawatsatira achimwene ake. "Achimwene, malo aja si akunjira kwa anyamata?"

"Achemwali, musayambe," adayankha Che Usumani. "Mukufuna alendowa apite nacho kwina chitukuko? Tidzaona nthawi yake ikadzafika."

Choncho Jamila ndi anzake adasenza mchenga ndi madzi pamutu mpaka makosi kuuma, kumangira khomo limene ankadziwa kuti sadzalowapo pa nthawi yoyenera. Ndipo nthawi ija itafika, palibe chimene adaona Che Usumani.

Mmodzi yekha ndiye adayesa. Dalesi, mnansi wa Jamila, mayi wa Chikatolika wapakamwa posapsatira, adasenza thumba lake nati, "Ine za jando sizikundikhudza, ndikupita ku fakitale kwathu." Sadafike. Anyamata oyang'anira ndagala adamubweza pamphambano, thumba lidagwa n'kuphulika, ndipo mawa lake adalipitsidwa nkhuku.

"Tambala wanga yekhayo!" ankadandaula Dalesi pamjigo. "Nandolo adadyedwa ndi mbuzi, tambala adadyedwa ndi akuluakulu. Chitukuko chandiyamba bwino ine."

Anyamata a m'gululo akadatha kulowa, koma adalibe chochita mkatimo. Nandolo adali wa amayi, ndipo palibe mayi amene akadalola kuti mbewu yake ikayezedwe iye kulibe. Kupeta ndi kusankha idali ntchito ya manja a amayi. Wodziwa makina adali Zaina. Anyamatawo adadikira, n'kutopa, n'kubwerera ku bawo. Raymond, mwana wa Dalesi, amene adalonjezedwa ntchito yonyamula mapaketi panjinga kupita nawo ku Balaka, adakwera galimoto ya munthu wina wowolotsa anthu kupita ku Joni. Adapita opanda pasipoti, atangonyamula kachikwama.

Patapita masabata angapo venda uja atadutsa, Seputembala atangoyamba, Bambo Blasius adatulukira pa galimoto yoyera. Adapita ku fakitale, adapeza loko wadzaza fumbi ndi zitosi za mbuzi pakhonde. Adaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wamango womwe uja, mabenchi kutsogolo, mphasa kumbuyo.

"Ndakhumudwa," adatero. "Madera ena akulirira makina ngati amenewa. Inu mwapatsidwa, mukugulitsabe kwa mavenda. Kodi vuto n'chiyani? Amayi, yankhulani!"

Amayi adayang'ana pansi. Jamila adadikira kuti achimwene ake, amene adali ndi ufulu wonena, anene. Che Usumani adaimirira, adakonza kofiya wawo, natsokomola.

"Bwana, mutikhululukire. Amayi athuwa nyengo ino amatanganidwa ndi zambiri. Komanso tinene zoona, azimayi akumudzi kuzolowera zinthu zatsopano amachedwa. Tiwalimbikitsa."

Jamila adamva ngati wathiridwa madzi otentha kumsana. Khosi lake lidali lisanapole ndi mchenga uja, lero akutchedwa wochedwa kuzolowera! Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene adanena mawuwo adali mchimwene wake wa bere limodzi, mwinimbumba wake.

"Chabwino," adamaliza Bambo Blasius. "Mwezi wa Seputembala ukatha makinawa asanalire, tidzawazula kupita nawo kudera lina. Ine ndili ndi mabwana ondifunsa."

Aliyense ankadziwa kuti anyamata a jando adalowa kundagala mochedwa chaka chimenecho. Podzatuluka, nandolo yense adzakhala atapita ndi mavenda, ndipo makina sadzapeza chopera.

Atafika kunyumba, Zaina adaponya makiyi pamphasa.

"Amayi, munthu uja anatenga Raymond akubweranso kutha kwa mwezi. Ndalankhula naye pafoni. Akuti kuli ntchito ya m'nyumba."

"Iwe Zaina, usandiyese. Ku Joni kunadya bambo ako, ukufuna kudyenso iwe?"

Bambo ake a Zaina, a Zuberi, adapita ku Joni mwanayo ali kupulayimale. Chaka choyamba ankatumiza mabulangete ndi mafuta ophikira. Kenako foni idayamba kulira osayankhidwa. Kenako idasiya n'kulira komwe. Ena amati adakwatira kumeneko, ena amati adamwalira. Jamila sadalire maliro, sadalandire mawu omusudzula. Adangokhala pakati, wosakwatiwa, wosakhala namfedwa.

"Nanga ndikhale pano ndizitani?" adafunsa Zaina. "Ndinaphunzira makina, makina akuchotsedwa. Ndiziyendetsa chiyani, mtondo? Inu munakhala chete pamsonkhano woyamba. Lero mwakhalanso chete. Ine sindidzakalamba pamphasa ya kumbuyo ngati inu."

Mawuwo adalasa, chifukwa adali oona. Jamila adatenga lichero n'kupita kuseri kwa nyumba kuti mwana wake asaone misozi.

Mawa lake, amayi angapo atasonkhana pabwalo la Jamila kuthandizana kupuntha nandolo wotsala, kudamveka njinga yamoto. Adatsika mayi wovala chitenje pamwamba pa thalauza. Adali Mayi Luckness, mlangizi wa zaulimi amene adangosamutsidwira m'deralo kuchokera ku Machinga. Pamsonkhano wadzulo adakhala kumapeto akuonerera. Atapereka moni, sadafune mpando. Adakhala pansi, natenga lichero, nayamba kupeta.

"Dzulo ndinaona chinthu," adatero patapita kanthawi. "Bwana atafunsa, amayi nonse munayang'ana pansi nthawi imodzi. Aulesi sayang'ana pansi nthawi imodzi, aliyense amapereka bodza lakelake. Pano palibe mwamuna. Ndiuzeni."

Amayi adayang'anizana. Dalesi adaphulika.

"Alangizi, funsani tambala wanga! Iye ndi amene akudziwa bwino, kungoti ali m'mimba mwa anthu."

Amayi adaseka koyamba m'masabata ambiri. Kenako Jamila adafotokoza zonse motsitsa mawu: njira, kansalu kofiira, khomo, nthungululu ija.

Mayi Luckness adaika lichero pansi. "Kwathu ku Ntaja mwambowu uliko, ndikuudziwa. Ndikanakhalapo tsiku loona malo, mwina ndikanafunsa. Pepani, amayi. Mwanyozedwa pa mlandu wosakhala wanu."

"Pepani sapoletsa chilonda," adatero Jamila. "Mwana wanga akupita ku Joni kutha kwa mwezi."

"Ndiye tisataye nthawi. Choyamba mudziwe kuti nyumba ija si ya bwana Blasius, si ya komiti. Ndi ya gulu lanu. Muli ndi ufulu wokumana panokha amayi, kugwirizana chimodzi, n'kutuma munthu wokanena m'malo mwanu. Zimene simungatchule pagulu, ndikazitchula ine mu ofesi, chitseko chotseka. Imeneyo ndi ntchito yanga."

"Mukawauze achotse ndagala yawoyo," adatero Dalesi.

"Iyayi, mayi. Ndagala inayamba kufika, nyumba inaipeza. Tikayamba kulimbana ndi mwambo, mudzi ugawanika, makina n'kupitabe. Ndagala isasunthe. Chisunthe ndi khomo. Kodi kuseri kwa nyumba ija, mbali ya kumtunda, kuli chiyani?"

Amayi onse adatembenukira kwa Jamila.

"Kuli munda wanga," adayankha pang'onopang'ono.

"Kuchokera kumsewu, kudutsa m'mphepete mwa munda wanu, munthu angafike kuseri kwa nyumbayo osaponda njira ya anyamata?"

"Angafike."

"Tikaboola khomo kumbuyo, tikatseka lakutsogolo ndi njerwa, tikamanga mpanda wautali wa bango mbali ya kumtsinje kuti maso asaone kumunsi, akuluakulu a mwambo angakane?"

Jamila adaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye kuti abambo alakwitse, ine ndilipe ndi mizere ya munda wanga? Munda womwewo ndi umene ukundidyetsa chichokereni bambo a mwanayu. Mchenga ndinasenza ine, kunyozedwa ine, lero munda wanganso?"

"N'zowawa, ndipo sindikunamizani kuti ndi chilungamo chonse," adayankha Mayi Luckness. "Mukhoza kukana, palibe angakukakamizeni. Mukalola, gulu ligwirizane chokubwezerani, ndipo malire a njirayo aikidwe pamaso pa amfumu ndi mboni kuti ana anu asadzakangane mtsogolo. Koma ganizirani nokha."

Jamila adayang'ana pakhonde. Zaina adali atachapa zovala zake zonse n'kuziyanika pachingwe, monga amachitira munthu wokonzeka ulendo. Mizere ingapo ya nandolo mbali ina, mwana mbali ina.

"Mundawo ndi wa mbumba," adatero. "Sindingadule popanda achimwene. Ndiponso wokalankhula ndi akuluakulu a kundagala ayenera kukhala mwamuna wovinidwa. Onse awiriwo ndi munthu mmodzi, yemwe uja anatinyoza dzulo."

"Ndipite nanu?"

"Iyayi, alangizi. Inu pitani kwa bwana wanu. Uyu ndi wanga."

Masana omwewo Jamila adauza Zaina kuti avale bwino, atenge chikwama chake cha ulendo. Mwa mwambo, mwana wa mbumba sapita kutali osatsanzika kwa amalume ake, amene kumeneko amati anjomba. Adayenda mpaka kumudzi kumene Che Usumani adakwatira. Adawapeza pansi pa mtengo akumata chubu cha njinga.

Atalonjerana, Jamila adakhala pansi, Zaina pambali pake, chikwama patsogolo.

"Achimwene, ndabwera ndi mbumba yanu kudzatsanzika. Akupita ku Joni."

Che Usumani adasiya chubu. "Ku Joni? Mwana wamkazi? Ndi ndani?"

"Ndi yemwe uja amawolotsa anthu pamtsinje usiku, opanda mapepala."

"Zosatheka! Ine sindingalole. Iwe Zaina, wapenga?"

"Anjomba, ndidye chiyani kuno?" adafunsa Zaina mwaulemu, maso ali pansi. "Ntchito yanga ili kuseri kwa kansalu kofiira. Dzulo munanena kuti timachedwa kuzolowera zatsopano. Ndiye ndati ndifulumire, ndikazolowere za ku Joni."

"Taona pakamwa pake! Achemwali, mwana mukumulera bwanji ameneyu?"

"Ndikumulera ndekha, achimwene, ndi nandolo wa pasikelo ya mavenda," adayankha Jamila. Mawu ake sadakwere, koma ankatuluka olemera. "Ndinabwera kwa inu tsiku loyamba lija. Munati tidzaona. Dzulo munali ndi pakamwa pololedwa kunena, ife tilibe. Munasankha kuti bwana aziti alongo anu ndi mbuli kusiyana n'kuti adziwe kuti komiti inalakwitsa. Chabwino. Ine sindinabwere kudzakangana. Ndangoti mudziwe, chifukwa tsiku limene bokosi lidzabwere pangolo ya galimoto kuchokera ku Joni, odzalilandira ndinu. Odzaimirira kumanda kufotokozera anthu chimene chinamuchotsa mwanayu pamudzi ndinu. Mukonzeretu mawu ake."

Che Usumani adayang'ana chikwama chija. Guluu adauma pachubu asanamate.

"Mukufuna ndichite chiyani? Ndagala sindingaisunthe ine."

"Palibe wanena zosuntha ndagala." Jamila adafotokoza nzeru ya khomo lakumbuyo, mpanda wa bango ndi njira yodutsa m'munda. "Munda ndapereka ine. Inu perekani manyazi anu okha. Pitani kwa anakanga mukawapemphe."

Anakanga ndiwo akulu oyang'anira zonse za kundagala. Kupita kwa iwo kudatanthauza kuvomera pamaso pa amuna anzawo kuti wapampando adapereka malo osaganiza. Che Usumani adavula kofiya, adakanda m'mutu, adavalanso.

"Zaina, bweza chikwamacho kunyumba," adatero. "Undipatse masiku ochepa."

"Galimoto ikubwera kutha kwa mwezi, anjomba. Chikwama sindimasula."

M'mawa mwake Che Usumani adatsikira kumtsinje. Zimene adakambirana kumeneko Jamila sadazimve, ndipo sadafunse. Adangoona dzuwa litapendeka akuluakulu awiri akukwera ndi achimwene ake, akuzungulira kuseri kwa fakitale, akuloza uku ndi uku ndi ndodo. Kenako Che Usumani adabwera pabwalo, nkhope itagwa ngati munthu wolipitsidwa.

"Alola. Akuti kumtunda kwa nyumbayo si kwawo. Mpanda ukhale wautali kuposa munthu, mawindo a kumtsinje atsekedwe nyengo ino, ndipo omanga mbali imeneyo akhale amuna okhaokha. Awonjeza kuti nawonso nyumbayo inkawasowetsa mtendere." Kenako adawonjezera kuti, "Andiseka kwambiri, achemwali."

"Kusekedwa sikupha," adayankha Jamila. "Ife tasekedwa ndi mavenda mwezi wathunthu."

Mayi Luckness nawo adachita mbali yawo. Bambo Blasius adabweranso, ulendo uno opanda chimkuzamawu. Adabweretsa felemu ya chitseko ndi matumba a simenti otsala ku ntchito ina. Adapempha kuti akumane ndi amayi paokha, Mayi Luckness ali pakati. Adakhala pamphasa, miyendo ikuwavuta popinda.

"Amayi, ndinamva nthungululu ndiye ndinati mwavomera," adatero. "Ndinalakwa."

"Nthungululu timaimba ndi paukwati wa mwamuna woipa pomwe, bwana," adatero Dalesi. "Si siginecha imeneyo."

Pamsonkhano umenewo, poti tsopano pakamwa padatseguka, zidatuluka zinanso zimene palibe adaziganizira. Chimbudzi chidali chimodzi, amuna ndi akazi. Padalibe mthunzi wogonekapo ana oyamwa kutali ndi fumbi la makina. Sikelo idaikidwa m'kachipinda kamkati, pomwe amayi ankafuna ikhale poyera kuti mwini mbewu aziona singano ndi maso ake. Bambo Blasius adamvetsera, thukuta likutsika.

Ntchito idagwiridwa mothamanga. Anyamata adasiya bawo, adaboola khoma lakumbuyo, adatseka khomo lakale ndi njerwa, nadula bango kumanga mpanda. Amfumu ndi mboni adazika miyala ya malire a njira yatsopano, ndipo gulu lidagwirizana kuti Jamila aziperetsa nandolo wake osalipira. Iye mwini adatenga khasu n'kugumula mizere yake. Sadalole wina kumuthandiza. Mzere uliwonse udali ndi thukuta lake la zaka zambiri, ndipo pogumula sadaimbe nyimbo.

Seputembala asanathe, m'mawa wina, Zaina adalowa pakhomo latsopano atavala ovolosi ndi kansalu kotseka mphuno. Adayang'ana malamba, adathira nandolo woyamba, nadina batani. Makina adalira mpaka mbuzi zidabalalika. Chipere chachikasu, choyera bwino, chidayamba kutsikira m'beseni. Amayi adaimba nthungululu, ndipo ulendo uno idali yochokera pansi pa mtima.

Tisanamizane, chaka chimenecho phindu lidali lochepa. Nandolo wambiri adali atapita kale ndi mavenda pamtengo wolira nawo. Jamila adangotsala ndi matumba owerengeka. Dalesi adagwira ntchito yomata mapaketi foni ili pachifuwa, kudikira kuti mwina Raymond aimba, koma mpaka mvula idagwa foniyo sidalire. Ntchito yonyamula katundu imene idali yake idapatsidwa kwa mnyamata wina. Kuchedwa kwa miyezi iwiri kudadya mwana wa munthu, ndipo khomo latsopano silikadatha kumubweza.

Koma makina sadazulidwe. Galimoto ya wowolotsa anthu uja itaima pamsewu kutha kwa mwezi n'kuliza hutala, Zaina adali mkati, nsidze zitayera ndi fumbi la nandolo, ndipo sadaimve n'komwe. Chikwama chija adachimasula yekha madzulo ake, Jamila akuyang'ana.

Lero chipere cha gulu la Tiwoloke chimagulitsidwa mumsika wa Balaka ndi ku Liwonde. Atsikana ena awiri aphunzira makina kwa Zaina. Anyamata amanyamula mapaketi panjinga, ena amagulitsa makoko a nandolo kwa oweta mbuzi. Jando imachitika chaka chilichonse monga kale, kansalu kofiira kamazikidwa pamalo pake, ndipo amayi amadutsa kumtunda ndi matumba awo pamutu popanda wowabweza. Gululi lidakhazikitsa lamulo lakuti nkhani iliyonse yaikulu iziyamba yakambidwa ndi amayi paokha, achinyamata paokha, kenako onse pamodzi.

Phunziro lake ndi ili. Nyumba ya bizinesi, kaya ndi shedi ya msika, mosungira mbewu kapena ya makina, imapindula pokhapokha eni ake atatha kuigwiritsa ntchito pa nyengo imene akuifuna. Inu a mabungwe ndi a makomiti, musanazike chikhomo choyamba, khalani pansi ndi amene adzagwiremo ntchito, pamalo pamene angalankhule momasuka. Kukhala chete si kuvomera. Inunso amayi ndi achinyamata, mukaona cholakwika musadikire kuti mudzaona. Kumanani, gwirizanani, tumani mlangizi kapena munthu amene mumamukhulupirira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tsono chija chidaiwalika, chosalira ndalama chija, mwachilota? Nachi: nyumba yonseyo idamangidwira amayi, koma palibe adawafunsa amayiwo ali paokha.